Ufa pa Jekete la a Kazembe

Ndinadandaula koyamba Lolemba lotsatana ndi Pasaka, chaka cha dzana. Ndinadandaulanso mvula ya chaka chomwecho itangoyamba kugwa. Ulendo wina ndinapita ndekha, ndinakhala pa benchi mpaka dzuwa kupendeka, ndipo mayi wa pawindo anadinda chidindo pa kope langa n'kundiuza kuti bwana ali kumsonkhano. Makope onsewo ali m'sutikesi yachitsulo pansi pa bedi langa, lililonse ndi chidindo chake. Chimene mulibe m'sutikesimo ndi yankho.

Ofesiyo sindiitchula dzina. Ndi ija imaona za malo ndi malire a mapuloti. Eni ake akawerenga pano adzizindikira okha.

Koma sabata ino, owerenga anga, sindinabwere ndi mkwiyo wokha monga munandizolowerera. Ndabwera kudzathokoza. Mundilole ndiyambire poyambira.

Pakati pa komboni yathu ya Mtendere ndi kumayadi, kumene kumakhala anthu a mipanda italiitali, pali kanjira ka miyendo kodutsa pakati pa mipanda iwiri. Si msewu ayi. Wilibala imalowamo mokhula mbali. Koma m'mawa uliwonse kanjirako kankameza ophika, alonda, osamalira maluwa ndi amayi ochapa zovala, madzulo n'kuwalavula. Bambo anga, amene anachokera ku Nyasalandi kudzafuna ntchito, anakayenda. Ine ndinakayenda ndikuvala kabudula.

Nyumba ya mbali imodzi ya kanjirako ndi yogonamo kazembe wa dziko lina la kutsidya kwa nyanja. Nthawi ija zinthu zinayamba kugulitsidwa, makampani a boma, nyumba, mapuloti, akuba nawo anachuluka m'tauni. Achitetezo a nyumbayo anaika zipata ziwiri zachitsulo, china kumbali ya komboni, china kumbali ya kumayadi, n'kukhoma maloko. Iwonso ndinawalembera. Ndinene chilungamo: sabata isanathe anandiyankha. Anati chilolezo chotseka anachitenga ku ofesi ija, choncho ndikadandaule kumeneko. Kunali kukana, inde, koma kunali kuyankha. Alendo anandiyankha. Anzanga a dziko langa lomwe, amene ndimawalipirira msonkho, anangoti zii.

Mwina mukufunsa kuti mkulu wopuma pantchito akulimbanirana chiyani ndi kanjira. Choyamba, sindinapume, anandipumitsa. Kampani imene ndinali mlembi wake itagulitsidwa, tinapatsidwa makalata otithokoza, ndipo langa ndinalisunga. Kuyambira pamenepo wodyetsa nyumba yanga ndi mkazi wanga, Nabanda, amene amasenza dengu la repu, chibwabwa ndi tomato kukagulitsa khomo ndi khomo kumayadi. Kanjira katatsekedwa anayamba kuzungulira kumsewu waukulu, kumene maminibasi amathamanga ngati akuthawa moto, kenako kuwoloka ngalande imene nthawi ya dzinja imasanduka mtsinje. Mawondo ake anayamba kutupa. Mvula yathayi anaterereka pangalandepo, dengu linapita ndi madzi, iye anagona masabata osadzuka. Kukiliniki anamuuza kuti asiye maulendo ataliatali ndi katundu pamutu.

Asiye, ndiye tidye chiyani? Tidye makope anga?

Tsopano imvani zimene zinachitika Loweruka lapitali.

Tinaika m'manda a Tembo, mnansi wanga, amene makolo awo monga anga anachokera ku Malawi. A Tembo anali wophika wa m'nyumba ya kazembe ija kwa zaka zambiri. Akazembe ankabwera n'kupita, iwo ali pompo ndi apuloni yawo yoyera. Khitchini yawo inayang'anana ndi kanjirako, koma zipata zitakhomedwa nawonso ankazungulira ngati ena onse kuti akalowere kutsogolo. Ndinawauzapo kangapo kuti, "A Tembo, inu mumaika supu patsogolo pa munthuyo tsiku ndi tsiku. Muuzeni." Iwo ankangoseka. "Ba Phiri, masiku ano nchito ni dzira. Ukakamba maningi, mailo upeza wina avala apuloni yako." Anapita kumanda osanenapo kanthu.

A kazembe anabwera kumaliro. Sanatumize dalaivala ndi nkhata ya maluwa monga achitira mabwana ambiri. Anabwera okha. Anakhala m'tchalitchi mpaka mapeto, anaponya dothi kumanda, ndipo pobwerera kunyumba ya maliro anasamba m'manja m'beseni la pachipata ngati munthu wina aliyense. Popeza ndimadziwa Chingelezi, abanja anandikhazika pambali pawo mu tenti ya amuna.

Anthu andifunsa kale kuti, "Ba Phiri, simunawapatse failo yanu?" Ayi. Pamaliro sapitapo ndi madandaulo. Ndinaleredwa.

Kwa inu owerenga akutali, ndifotokoze pang'ono za chimbuya. Makolo akale a Abemba ndi Angoni anamenyana nkhondo. Nkhondo itatha, ana awo anasanduka asuweni a nthabwala, ndipo lero ife tonse a chigawo cha kum'mawa kwa dziko lino, kuphatikizapo ife amene makolo athu anachokera ku Malawi, tinalowetsedwa m'gulumo osafunsidwa. Wakum'mawa akamwalira, Abemba ndiwo amaphika, kutunga madzi, kunyamula bokosi, ndipo pomaliza amatipaka ufa kumaso n'kutinyoza mmene angathere. Wopakidwa saloledwa kukwiya. Amaponya kangachepe m'mbale kothandiza wamasiye, basi wamasuka. Mbemba akamwalira timabweza.

Titangokhala pansi, anatulukira bana Mulenga ndi gulu lawo, mbale ya ufa m'manja. Bana Mulenga ndi mayi wachibemba wa mawu ngati belu la sukulu, amene amachapa zovala m'nyumba ina kumayadi. Anayamba ndi ine. Ndinavula chipewa msanga, pakuti chipewa changa ndi chaubweya ndipo ufa suchokamo.

"Ba Phiri! Mwamupaya na njala m'bale wanu! Mbewa zinasila mu Mtendere, mwadya zonse mweka!"

"Chokani apa, inu odya anyani," ndinawayankha ufa uli m'kamwa. "Tiwerenge mapoto musanapite."

Tenti yonse inaseka. Kenako maso a bana Mulenga anagwera pa a kazembe, ndi suti yawo yakuda yosalala. Dalaivala wawo anaimirira. Inenso ndinaimirira.

"Bana Mulenga, awa ndi alendo a boma."

"Mlendo wa chani? Zaka zonse izi akudya vophika va Tembo. Mimba yake ni ya kum'mawa. Uyu ni mbuya wanga!"

Ndisanatsegulenso pakamwa, ufa unali pamutu pa a kazembe, pamapewa, pajekete, mpaka pamagalasi. Amuna onse m'tenti anatembenukira kwa a kazembe. Ngakhale amayi olira m'nyumba anasuzumira pawindo. Ine mumtima ndinati basi, mawa tili m'nyuzipepala, ndipo dziko lawo litidulira mankhwala a m'chipatala chifukwa cha mbale ya ufa.

A kazembe anavula magalasi pang'onopang'ono, n'kundifunsa m'Chingelezi chimene alakwa. Ndinawafotokozera monga ndafotokozera inu. Kenako anafunsa:

"Ndiye akundinyoza kapena akundilandira?"

"Zonse ziwiri, bwana."

Anaseka kuseka kwenikweni, kwa m'mimba, ufa ukuyoyoka m'nsidze. Dalaivala anawanong'oneza za mbale, iwo anapisa dzanja m'thumba. Koma bana Mulenga anabisa mbale kumbuyo.

"Awe, za uyu sinifuna. Ba Phiri, mumuuze vamene nizakamba, ndipo osachosako kanthu. Nikuzibani imwe makalaliki, mumasuka mawu na sopo."

Anatembenukira kwa a kazembe, chala kutsogolo, n'kuwatchula kuti iwe, monga mwambo umawalolera.

"Iwe mbuya, munthu wamene taika lelo anali kukuphikira ataimirira na mendo yotupa. Uziba chifukwa? Unakhoma njira yathu na loko. Khitchini ili apa, iye azungulira uko monga galu alibe nyumba. Na ine nizungulira. Na bakazi ba Phiri anagwa mu ngalande na tomato yonse. Chindapusa chako ni njira. Ndalama sunga ugulire mbewa."

Ndinagwira ntchito ya ulembi zaka zambiri ndipo sindinasinthepo mawu a munthu. Ndinamasulira zonse, galu ndi mbewa zomwe.

A kazembe anasiya kuseka.

"Njira iti?"

Owerenga anga, munthuyo sankadziwa. Anafika m'dziko muno zipata zitakhomedwa kale. Amatulukira kutsogolo m'galimoto ya mbendera, n'kulowera komweko. Zipata zakumbuyozo ankayesa ndi za mwini nyumba yoyandikana. Apo ndiye ndinaonjezapo zanga, pakuti tsopano ndinali nditafunsidwa: tsiku limene ndinalemba koyamba, yankho la achitetezo awo, ndi kukhala chete kwa ofesi ija. Failo sindinaifune. Ili m'mutu.

"Kandionetseni," anatero a kazembe.

Dalaivala anathamangira kukatsegula chitseko cha galimoto. Bana Mulenga anamugwira mkono. "Motoka ya chani? Tembo anali na motoka?"

Tinayenda wapansi, dzuwa lili pamutu: ine, a kazembe ndi bana Mulenga, galimoto ikutitsata m'mbuyo pang'onopang'ono ngati ng'ombe yodwala. A kazembe anafunsa ngati angasase ufa uja. Anauzidwa kuti mpaka akafike kwawo. Pamsika amayi ogulitsa salaula, zovala za kaunjika zija, anaimba nthungululu, ndipo oitanira minibasi anakuwa kuti, "Bana Mulenga, lelo mwagwira nsomba ikulu!"

Panjira ndi pamene ndinamva zimene zandichititsa kulemba.

A kazembe anandiuza kuti atumikira dziko lawo m'malikulu a mayiko angapo, ndipo kulikonse moyo wa kazembe ndi umodzimodzi: mpanda, galimoto, phwando, mpanda wina. Dziko umalidziwa kudzera m'malipoti ndi m'zimene nduna zakuuza pakati pa supu ndi nyama. Anati kuno anthu ndi aulemu kwambiri moti ulemuwo umasanduka mpanda wachiwiri. Ukafunsa wantchito ngati zonse zili bwino, amati zili bwino. Ukafunsa nduna, imati palibe vuto. Ukapita kukaona sukulu, umapeza bwalo losesedwa ndi ana akuvina. Anati zaka zonse ali kuno, munthu woyamba kuwakalipira ndi bana Mulenga, ndipo ndi tsiku loyamba kumva kuti akukhala pakati pa anthu, osati pakati pa owalandira.

Za chimbuya anafunsa mafunso ambiri. Anati dziko lawo nalo linamenyanapo ndi anansi ake, ndipo mtendere unalembedwa pa mapepala ambirimbiri, mawu aliwonse akuyezedwa kwa miyezi kuti pasapezeke wokhumudwa. Mapanganowo akugwira ntchito, anatero, koma sanaonepo mdzukulu wa mdani wawo akubwera kudzaphika pamaliro a bambo ake. Ntchito ya kazembe, mmene iwo amaidziwira, ndi kupewa mawu opweteka. Kuno anaona anthu amene anapatsana chilolezo chonena mawu opweteka onse, ndipo chifukwa cha chimenecho sagwiranso mikondo.

Popeza tinali titayamba kunena zoona, ndinawafunsa langa. Ndinati, bwana, kodi si inu ndi anzanu amene munkauza boma lathu kuti ligulitse makampani ngati likufuna thandizo? Ine ndine mmodzi wa ogulitsidwawo.

Sanazembe. Anati inde, uthengawo anaunyamulapo, ndipo mpaka lero amakhulupirira kuti makampani ambiri aja akanagwa okha. Koma anavomera kuti m'zipinda zozizira zimene ankakambiranamo zimenezi, munalibe munthu wonga ine, ndipo panalibe amene anafunsa kuti mlembi akachotsedwa, dengu adzasenza ndani. Sitinagwirizane zonse. Ine ndikadali ndi maganizo anga. Koma anandiyankha maso ndi maso, nsapato zawo zili m'fumbi la Mtendere, ndipo chimenecho ndimachiwerengera.

Tinafika pangalande. Ndinawaonetsa mwala umene Nabanda anatererekapo. Anawoloka mosamala, bana Mulenga akuwakuwiza kuti mbuya ayenda ngati nkhuku yonyowa. Tinadutsa m'mphepete mwa msewu waukulu, minibasi ina inatipemerera fumbi, mpaka tinakafika pachipata cha kumbali ya kumayadi. Loko anali atachita dzimbiri. Udzu m'kanjiramo unali wofika m'chiuno. Kudzera m'zitsulo za chipata, pamwamba pa mpanda, tinkaona windo la khitchini.

A kazembe anagwira chitsulo cha chipata.

"M'mawa uliwonse ndinkamufunsa kuti wadzuka bwanji," anatero. "Ankati bwino."



Lachitatu m'mawa maloko anachotsedwa. Udzu unatchetchedwa. Aika mlonda pa kampando, ndipo zipata zimatsegulidwa mbandakucha mpaka dzuwa kulowa. Ndinapita kukaona ndi maso anga, pakuti sindilemba zongomva. Ndinaona alonda ochokera kuntchito akupatsana moni ndi ophika opita kuntchito, monga kale. Nabanda anadutsa ndi dengu lake, ndipo anabwerera dzuwa lisanafike pamutu, dengu lili lopanda kanthu. Atakhala pakhonde anati, "Abambo, lero mawondo sanandiyankhule."

Choncho ndikuthokoza. Ndikuthokoza a kazembe, amene akanatha kukwiya, kukwera galimoto yawo n'kulemba kalata yodandaula ku boma, koma anasankha kuyenda ndi ufa kumutu pakati pa msika. Ndikuthokoza bana Mulenga, ngakhale ndi wodya anyani, ndipo ndikulonjeza kuti tsiku lawo likadzafika ndidzabwera ndi thumba lathunthu la ufa. Ndikuthokozanso malemu a Tembo, amene anaphikira munthu mokhulupirika mpaka munthuyo anaona kuti sangatumize maluwa okha.

Koma tidzifunse, anzanga. N'chifukwa chiyani pafunika maliro kuti mlendo amve zoona? Timanyadira kuti ndife anthu olandira alendo, ndipo n'zoona. Koma kulandira kwathu ndi kotani? Timasesa pamene mlendo adutse, zinyalala n'kuzikankhira kuseri. Timamuvinira, timamupatsa ndodo yosema, akafunsa za mavuto timamwetulira. Kenako akapita kwawo n'kukalemba kuti anthu a kuno ndi osangalala, timakwiya kuti satimvetsa. Angatimvetse bwanji? Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Ife timamva m'mimba n'kukhala phee, kudikira kuti mlendo alote.

Sindikuimba mlandu a Tembo. Munthu amene ali ndi ana kusukulu, m'nthawi imene anzake akuchotsedwa ntchito tsiku ndi tsiku, ali ndi chifukwa chotsekera pakamwa. Amene alibe chifukwa ndi aja amalipidwa kuti aziyankhula m'malo mwake. Wantchito sangakalipire bwana wake, n'chifukwa chake pali maofesi. Ofesi ikagona, timatsala ndi mbale ya ufa. Nanga amene bwana wawo sabwera kumaliro achite bwanji?

Pali chinthu china chimene a kazembe anandiuza posiyana, ndipo ndi chimene chikundisowetsa mtendere. Nthawi yawo kuno yatha. Anyamuka mvula isanagwe. Ananena mosabisa kuti zipata angazitsegule pokhapokha iwo ali m'nyumbamo. Wodzalowa m'malo mwawo adzabwera ndi achitetezo ake, amene adzatsegula kabati, n'kupeza chilolezo chija chikadali chamoyo, ndipo adzagula maloko atsopano. Chilolezocho angachifafanize ndi okhawo amene anachipereka. Iwo alembera kale ofesi ija kunena kuti sakuchifunanso, ndipo anandipatsa kope. Ndaliika m'sutikesi pamwamba pa anzake.

Mlendo ndi mame. Kanjira kathu lero kaima pa mtima wabwino wa munthu amene akupakira katundu. Mvula ikubwera, ngalande idzadzanso, ndipo mawondo a Nabanda sangapirire dzinja lina kumsewu waukulu. Kodi tidikire kuti wophika wa kazembe watsopanoyo nayenso amwalire, kuti bana Mulenga apeze pomupakira ufa?

Chotero, ine Phiri wa ku Mtendere, mlembi wopumitsidwa, ndikupempha mwaulemu mkulu wa ofesi yoona za malo ndi malire a mapuloti kuti achite zinthu ziwiri mvula isanagwe. Afafanize chilolezo chotsekera kanjira kapakati pa Mtendere ndi kumayadi, ndipo alembe kuti kanjirako ndi ka anthu onse. Andiyankhenso m'kalata, yosainidwa ndi yodindidwa, madandaulo anga amene ali m'manja mwake kuyambira Lolemba lotsatana ndi Pasaka, chaka cha dzana. Keyala yanga ili pamwamba pa kalata iliyonse. Ngati makalatawo anasochera, makope ndili nawo, ndipo ndidzawabweretsa ndekha, podutsira m'kanjira komweko.